Madontho Achikasu a Bambo Mizere

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa khadi la kuntchito pokha. Wina aliyense, kuyambira kapitawo mpaka adzukulu awo omwe, ankangoti a Mizere, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ntchito yawo inali yojambula mizere pamsewu: woyera pakati, wachikasu m'mphepete, ndi ija yonenepa ya powolokera anthu oyenda pansi. Anzawo awiri ankakoka chingwe, iwo n'kugwada pa phula lotentha, kutsinzina diso limodzi, n'kumalamula kuti, "Sunthani pang'ono kumanja. Mwapitirira. Bwererani." Akakhutira, ankakankha kangolo ka penti mwaulemu ngati akuyendetsa wodwala. Madalaivala ankawalizira hutala, ena kuwatukwana, ndipo tsiku lililonse sipankalephera kupezeka chitsiru chimodzi choponda penti wamuwisi n'kumumwaza ndi matayala msewu wonse.

Kunyumba analinso chimodzimodzi. Nsapato za pakhonde ankaziika pamzere kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono, ndipo kalendala ikapendekeka pakhoma tiyi sankawakomera. Vuto linali loti nyumbayo sinkawamvera. Akazi awo ankasoka pabalaza, ndiye kuyambira m'mawa makina anali pakamwa, amayi odzayesa madiresi ali mbwee pamipando, wailesi ikulalikira, adzukulu akulimbirana limoti. Panalinso mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene anabwera kudzacheza masabata awiri, ndipo chaka chachisanu ndi chimodzi chinamupeza akadali m'masabata awiri omwewo. A Mizere ankawakonda anthu onsewa, tisawanamizire. Koma ankalakalaka malo amodzi okha padziko pamene palibe woliza hutala, wofunsa kuti sizasi ili kuti, kapena wowauza kuti atukule miyendo akufuna kusesa.

Malowo anayamba kuwanunkhiza mwangozi. Chaka china anawatuma kukajambula msewu wodutsa m'munsi mwa mapiri, ndipo nthawi ya nkhomaliro iwo analowa patchire kukadzithandiza. Atamaliza sanabwerere. Anakwera pang'ono, anakweranso pang'ono, mpaka phokoso la kompulesa, makina awo opopera penti, linazimiririka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anamva makutu awo akulira okha. Anatsika patatha ola lathunthu, nauza kapitawo kuti m'mimba munavuta.

Kuyambira pamenepo, tchuthi chilichonse ankabereka chikwama kumsana. Munkakhala bulangete, lona lodzitchinjiriza ku mvula, kampoto, machesi okulunga m'pulasitiki, buledi, mtedza, shuga, masamba a tiyi, ndi chingwe, pakuti munthu wa mizere akayenda opanda chingwe amadzimva ngati wavula. Basi inkawatsitsa pamlatho, ndipo njira ya onse okwera phiri, ija yokhala ndi zikwangwani, ankaisiya mphindi khumi zisanathe. Munthu amene ankadyetsa banja poletsa anzake kudumpha mzere ankalowera kumene kulibe ngakhale kanjira ka mbuzi. Ankakwawa pansi pa minga, kuwoloka timitsinje madzi akulekeza m'ntchafu, kukwera matanthwe ndi manja ndi mawondo, chikwama chikuwakokera chagada. Ankabwera atakandikakandika ngati amenyana ndi mphaka, koma nkhope ili ngwee. Anzawo kuntchito ankati mkuluyu penti wamulowa m'mutu.

Paulendo wachinayi anapeza chimene ankachifuna. Atayenda tsiku ndi theka pamiyala yokhayokha, pamene phazi silisiya chizindikiro, anafika pa mng'alu wa pakati pa matanthwe awiri, wopapatiza moti anachita kuvula chikwama n'kudutsa chammbali, mimba ataibweza mkati. Kuseri kwake kunali thanthwe losalala ngati tebulo lodulirapo nsalu, kasupe akutuluka pansi pake, ndi mtengo umodzi wokhotakhota umene unawakwiyitsa poyamba koma kenako anaukhululukira. Kutali kumunsi, msewu wawo unkaoneka ngati ulusi. Anakhala pamenepo masiku awiri osayankhula ndi munthu, ndipo anasangalala kwambiri mpaka kudzifunsa ngati si tchimo.

Pobwerera kunagwa nkhungu, ndipo anasochera. Anafika kunyumba atachedwa ndi masiku awiri, nsapato imodzi atayimanga ndi chingwe. Anapeza makina ali chete, wailesi yozima, mlamu maso atatupa. Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nawapatsa madzi m'kapu, n'kudikira kuti amwe onse.

"Mwamwa?"

"Ndamwa, mayi."

"Ndiye mundimvere. Ine dzulo ndinali kupolisi. Akuti amuna anu apita kuti, ine kuphiri. Akuti mbali iti? Ndinangoti kakasi ngati chitsiru, wapolisi mpaka kundifunsa ngati tinayambana. Inu mukadzathyoka mwendo kumeneko, tidzakakufunani pati? Musankhe chimodzi: musiye zoyendayendazi, kapena muike zizindikiro zoti munthu angakutsatireni. Anthu osawadziwa mumawajambulira njira tsiku ndi tsiku, ife a m'nyumba mwanu ayi."

Zosiya sizikanatheka. Tchuthi chotsatira, m'chikwama munalowanso chitini cha penti wachikasu wotsala kuntchito, amene kapitawo anati angotenga poti akuuma. Munthu wina akanangopaka apa ndi apo kuti kunyumba kukhale mtendere. Koma a Mizere ntchito yachibwana sankaidziwa. Akaponda kokwana makumi asanu ankaika dontho, lozungulira bwino, pamsinkhu wa diso, loonekera kwa wokwera ndi wotsika yemwe. Pokhota ankajambula muvi. Pamene panali phompho ankaika mizere iwiri yogundizana, kusonyeza kuti apa osapitirira. Tsono penti wa pamsewu si wa pazipupa uja. Amakhala ndi timchenga tagalasi, mvula saiopa, ndipo dzuwa likamuomba amawala ngati akukodola munthu. Atamaliza anaima pa mng'alu paja n'kucheuka, madontho atandandalika kutsika phiri, mtima wawo n'kuti myaa. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, yokongola kwambiri inali imeneyi.

Zaka zitatu zinayenda bwino. Chaka chachinayi anapeza kapepala ka switi pa kasupe. Anakatola, nakatembenuza uku ndi uku, akudzinamiza kuti mwina kabwera ndi mphepo. Chaka chotsatira anapeza anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, atayala nsalu pathanthwe lawo, ndipo mwamunayo anawalandira ndi manja awiri. "Fikani, achikulire, musaope. Khalani poteropo, malo alipo." A Mizere anathokoza, chifukwa analeredwa bwino. Ulendo wina anawerenga anthu khumi ndi anayi, sipika ya batire ikugunda, wina akuotcha nyama, wina atayanika masokosi pamtengo wokhota uja. Mayi wina anawapatsira foni kuti awajambule onse pamodzi, ndipo iwo, tsoka lawo, anayamba kaye kuwafoletsa bwinobwino, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo.

Mkamwini wawo, amene ankagulitsa mafoni m'tauni ndipo ankadziwa chilichonse kupatula kukhala chete, anabwera Lamulungu lina ndi zithunzi. "Bambo, inu mumavutikiranji ndi minga? Taonani apa. Kuli njira yatsopano, anthu akuitcha yachikasu. Mungotsata madontho basi, ngakhale wosadziwa phiri akafika. Akuti anaika ndi akatswiri ochokera kunja." A Mizere anayang'anitsitsa muvi wawo pafoniyo. Theka la mtima linkalira, theka lina linkafuna kufunsa ngati anthuwo aonanso kuti mipata ya madonthowo ndi yofanana. Pomaliza anangoti, "Anawongola ndithu."

Amene anawamaliza ndi mlonda wa nkhalango. Tsiku lina, pothawa gulu la anthu okwera akuimba, a Mizere anapatuka n'kulowera m'tchire monga kale, ndipo sanapite patali anangomva wezulo. Potembenuka anaona bambo wa yunifolomu yobiriwira akubwera akupukusa mutu.

"Madala, mukupita kuti? Chikwangwani kumunsi kuja simunawerenge? N'koletsedwa kuchoka panjira yachikasu. Anthu anavutika kuika madonthowa kuti inu musasochere. Kapena mukuganiza kuti phiri mumalidziwa kuposa iwowo?"

A Mizere anadziwa kuti kuulula kuti madonthowo anaika ndi iwo kukanabala mlandu wina, wopaka penti miyala ya boma popanda chilolezo. Mlondayo anawagwira pachigongono, nawaperekeza mpaka pa dontho lapafupi, n'kuwalozera lotsatira ndi chala, mmene timachitira pophunzitsa mwana kuwoloka msewu. Zinawapweteka mpaka m'mafupa.

Chaka chomwecho anapuma pantchito. Anawapatsa wotchi yapakhoma ndi satifiketi, n'kuwaombera m'manja. Tsopano pabalaza paja pankawayang'ana kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu: makina, wailesi, adzukulu amene anali atakula n'kuyamba kubwera ndi anzawo, ndi mlamu amene masabata ake awiri anali asanathebe. Malo aja anawafuna kuposa kale, ndipo anatsimikiza mtima kuti akawalanda kwa alendo aja. Anagula bulashi ya waya ndi zigubu ziwiri za thinazi, mankhwala aja osungunula penti, nasankha pakati pa sabata m'nyengo yozizira, pamene anthu a masipika amakhala m'nyumba. Kwa akazi awo anangoti akupita kuphiri monga mwa masiku onse.

Anayambira pa dontho loyamba, kumunsi. Apa mpamene munthu wina aliyense akanaima n'kukanda m'mutu. Koma ntchito ya mizere imayambira pamene galimoto yakutsitsa n'kumapita kutsogolo, ndipo pa zaka zonse zija a Mizere sanayendepo chobwerera pa ntchito yawo, poopa kuponda penti. Choncho ankathira thinazi, kupala ndi bulashi, kupukuta ndi kasanza, kupaka dothi pamwamba kuti pasaoneke chipsera, n'kupita pa dontho limene linkawala kutsogolo. Pofufuta analinso a Mizere omwewo, osasiya ngakhale kachikasu kongokwana pansonga ya singano. Zinyalala zonse za m'njira ankatola n'kumaponya m'thumba: mabotolo, timapepala, chidendene cha nsapato ya wina. Zinawatengera masiku anayi. Manja anasupuka, msana unkachita kulira, koma atafufuta muvi womaliza wa pa mng'alu anadutsa chammbali, natula chikwama, n'kukhala pansi. Kunalibe munthu. Kasupe ankangodziyankhulira yekha. Anaphika tiyi, namwa pang'onopang'ono misozi ikulengeza m'maso, chifukwa anali atapambana.

M'mawa mwake anabereka chikwama, natuluka pa mng'alu, maso n'kuyamba okha kufunafuna chachikasu. Panalibe. Kunali miyala yokhayokha, yotuwa, yofanana ngati ana a mimba imodzi. Nkhungu kunalibe, dzuwa linkawala bwinobwino, moti analibe choti anamizire. Anadzilimbitsa mtima kuti miyendo ikumbuka yokha, nayenda ngati ola limodzi, ndipo miyendoyo inawafikitsa pamphepete pa phompho limene sanalionepo. Apa ndi pamene anazindikira kuti kwa zaka khumi sankayang'ana phiri ayi, ankayang'ana ntchito yawo. Akachoka pa dontho, diso linkathamangira pa linzake kukaona ngati lasuluka. Mitengo, zigwa, mmene matanthwe anakhalira, zonsezo anazidutsa kambirimbiri osazipatsa moni. Mapazi a anthu onse aja sanasiye kanthu pamwala. Anafunafuna ngakhale kapepala ka switi, koma tonse tinali m'thumba mwawo.

Anaganiza zobwerera pa mng'alu kuti akayambirenso. Anauzungulira mpaka dzuwa kupendeka. Ming'alu anaipeza itatu. Woyamba unali wotsekeka, wachiwiri unawakana mapewa, wachitatu anadutsa chammbali mimba ataibweza mkati, n'kukapeza khoma la mwala ndi ndowe za mileme. Mantha anawagwira, mantha enieni a munthu wamkulu amene watsala ndi theka la buledi. Tsiku lotsatira anagwira kamtsinje n'kumakatsata, poganiza kuti madzi kulikonse kumene akupita ndi kumunsi. Kanawatsitsa pamatako, m'minga, mpaka kukawalavula pamsewu wafumbi mbali ina ya phiri, kumene dalaivala wa lole yonyamula miyala anawamvera chisoni. Ali pamwamba pa miyalayo anacheuka. Phiri lonse linali poyera, koma sakanatha kuloza ndi chala kuti malo awo ali chauko. Malowo anawalandadi kwa aliyense, ndi kwa iwo omwe.

Anafika kunyumba masana, makina ali pakamwa monga mwa nthawi zonse.

"Mwachedwa ndi tsiku limodzi," anatero akazi awo osatukula mutu. "Koma sindinade nkhawa. Ndinati akapanda kubwera mawa, tingotsata madontho."

A Mizere anatula chikwama pakhomo, nakhala pampando wa makasitomala. Apo ndi pamene anaona kuti mayiwo akupalasa makina atavala nsapato zansalu zatsopano, zomanga ndi zingwe, ndipo pansi pa singano panali kachikwama ka malamba awiri.

"Ka kasitomala?"

"Kanga." Anadula ulusi ndi mano. "Mkamwini anandionetsa zithunzi zija. Akatswiri ochokera kunja! Ine muvi wanu ndingausokoneze? Mumaupinda kumchira, mmene munalembera zidebe zathu. Ndinangokhala chete kuti mwana wa eni asachite manyazi. Ndiye ndinati, koma ine! Ndinalamula ndekha kuti andijambulire njira, munthu wajambula phiri lonse, alendo akukadyerako nyama, mwiniwake ndili pano ndi madiresi a eni. Mwezi wathunthu ine ndi mng'ono wangayu takhala tikuzungulira bwalo la sukulu m'mawa uliwonse, kulimbitsa mawondo. Inu mumayesa tikukagula ulusi? Ulusi wa tsiku ndi tsiku? Iyeyu atsala, aziona ana. Tipita awiri. Wailesi sinditenga, ndipo tikakafika ndikakhala chete, ndalonjeza."

Pa zaka zonsezi a Mizere anali asanaganizepo zowaitana. Ankayesa kuti malowo ndi a munthu mmodzi. Tsopano anawaona mayiwo atakhala pathanthwe paja, nsapato atavula, mapazi ali m'kasupe, akuuyang'ana mtengo wokhota uja n'kumauseka, ndipo anachifuna chinthu chimenechi ndi mtima wonse.

"Koma musakanditsogolere," anapitiriza mayiwo, "mumathamanga. Muzikabwera pambuyo ndi katundu. Ine ndizikatsata madontho ndekha, ndikaone ngati ndi owongoka mmene mumadzitamira. Taimirirani mundigwirire lambayu, ndiyese."

A Mizere anaimirira, natambasula manja. Mayiwo anaona khungu losupuka, ndi chikasu chouma m'zikhadabo. Anagwira dzanja limodzi, naliyandikiza kumphuno. Anali atachapa maovolosi a mwamunayu moyo wawo wonse wa m'banja, ndiye fungo la penti ankalidziwa, ndipo ankadziwanso fungo la chimene chimachotsa penti.

"Onse?" anafunsa motsitsa mawu.

"Onse, mayi."

"Koma njira mukuidziwa?"

"Ayi, mayi."

Mayiwo anawasiya dzanja. Anabwerera pampando wawo, nawerama, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zija.